Lole ya m'bokosi ndi lole ya pamsewu wa Mwanza

Ndili mwana ndinkapanga magalimoto a mawaya monga ankachitira anzanga onse: waya wa mpanda, mphira wodula kuchokera ku chubu chakale chomangira mfundo, zivundikiro za zitini za polishi ngati matayala, ndi chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Masiku ano ndimagula mabokosi a tizidutswa ta pulasitiki n'kumalumikiza malole ang'onoang'ono patebulo usiku, koma chimene chimandikoka sichinasinthe, ndipo ndi chakuti galimoto imene ndapanga ifanane ndi imene ndinaiona ndi maso anga ikudutsa pamsewu, osati imene yajambulidwa pabokosi.

Makampani odziwika pa ntchito imeneyi ndi Italeri ya ku Italy ndi Revell ya ku Germany, amene malole awo ambiri amakhala pa muyeso wa 1:24, komanso AMT ya ku America imene imakonda 1:25 pa malole a mphuno zazitali monga Peterbilt ndi Kenworth. Muyeso wa 1:24 umatanthauza kuti chilichonse chachepetsedwa maulendo 24, kotero lole ya mamita awiri ndi theka m'lifupi imakhala masentimita 10 ndi pang'ono chabe. Bokosi limene ndakhala nalo miyezi yapitayi ndi la Scania, ndipo nditalitsekula ndinapeza lole ya ku Ulaya yeniyeni, ya chiwongolero chakumanzere, ekiselo imodzi kumbuyo, ndi mapiko a pulasitiki m'mbali ochepetsa mphepo. Lole yotere ndi yokongola, koma sindinaionepo itaima pamzere pachipata cha Mwanza kudikira mapepala itanyamula fetereza kuchokera ku Beira.

Ntchito yaikulu inali kusintha tchesi, mafupa a pansi pa lole amene amanyamula kabini ndi maekiselo. Mahosi ambiri, kapena kuti mitu ya malole imene imakoka ngolo m'misewu ya kuno, ali ndi maekiselo awiri kumbuyo chifukwa cha kulemera kwa katundu, ndipo mpata wa pakati pa maekiselo awiriwo ndi pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 40, umene pa muyeso wanga ndi masentimita osakwana 6. Ndinadula zitsulo ziwiri za tchesi ndi sowo yaing'ono, n'kulowetsapo tizidutswa ta pulasitiki yosalala kuti italike ndi kupeza malo a ekiselo yachiwiri, ndipo ndinamatirira tina mkati mwake kuti polumikizapo pasathyoke. Apa m'pamene munthu amafunika kudekha kwambiri, chifukwa guluu wa pulasitiki samata monga guluu wina aliyense koma amasungunula pang'ono mbali ziwirizo kuti zikhale chinthu chimodzi, ndiye tchesi ikauma itapindika ngakhale ndi milimita imodzi, tayala limodzi limalendewera m'mwamba ndipo palibe penti imene ingabise zimenezo. Ndinaisiya itapanikizidwa pagalasi losalala usiku uwiri ndisanaikhudzenso.

Kusamutsa chiwongolero kupita kumanja kunali kosavuta poyerekeza ndi zimenezi, ngakhale kuti kunafuna kudula dashibodi pakati ndi kutembenuza mbali imene mawaipa amagonera, chinthu chimene ambiri amaiwala. Mapiko a m'mbali ndinawasiya m'bokosi. M'malo mwake ndinaika mathanki awiri aakulu a dizilo opangidwa kuchokera ku paipi ya pulasitiki, pakuti dalaivala woyenda mtunda wautali chotero amanyamula mafuta ochuluka, ndipo kutsogolo ndinamangirira chitsulo chotchinga ng'ombe ndi mbuzi, chimene ndinachipinda ndi waya wa kopa. Pamenepo ndiye manja anga anakumbukira ubwana, chifukwa kapindidwe kake ndi komwe kaja.

Zimene zimapatsa lole moyo ndi tinthu ting'onoting'ono. Mapaipi a mpweya a kuseri kwa kabini, ofiira ndi achikasu, ndinawapanga pokulunga waya woonda pa singano. Lona ya pangolo ndi pepala lofewa lonyowetsedwa m'guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi, limene ndinaliyala pamwamba pa timatumba kuti likamauma lizikwinyika lokha monga imachitira lona yeniyeni, ndipo zingwe zake ndi ulusi wosokera, popeza chingwe cha mamilimita 12 chimasanduka theka la milimita. Magalasi ndinawamatanso ndi guluu wa matabwa yemweyo, chifukwa supaguluu amatulutsa nthunzi imene imachititsa khungu pulasitiki yoonekera.

Chimene ndinalimbana nacho nthawi yaitali ndi fumbi. Poyamba ndinatapa dothi lofiira la pabwalo poganiza kuti palibe chingapose dothi lenileni, koma kamchenga ka milimita imodzi pa lole yotere kamaimira mwala wa mamilimita 24, ndipo lole inaoneka ngati yagwetseredwa miyala. Ndinatsuka zonse n'kuyambiranso ndi choko cha ojambula cha mtundu wa katondo, chimene ndinachipala ndi mpeni kukhala ufa n'kumachipaka ndi burashi youma. Ndisanapake ndinakhala tsiku lonse Loweruka pamalo ena oimapo malole kuyang'ana kumene fumbi limakhala, ndipo ndinaona kuti silikhala paliponse mofanana: limaunjikana kuseri kwa matayala, pansi pa zitseko ndi kumsana kwa kabini, pomwe pagalasi lakutsogolo pamatsala mbali ziwiri zoyera zimene mawaipa amapukuta. Pakamwa pa thanki pamakhala mzere wakuda wa dizilo wosakanikirana ndi dothi, ndipo pamasitepe okwerera penti imakhala itatha chifukwa cha nsapato. Dalaivala wina wachikulire atandiona ndikujambula matayala a lole yake anandifunsa chimene ndinkafuna, ndipo nditamuonetsa zithunzi za ntchito yanga pafoni anandiuza kuti ndaiwala chigubu cha madzi ndi bokosi la ziwiya zophikira zimene amamangirira m'mbali mwa ngolo.

Chigubucho ndachisema kale kuchokera ku chidutswa cha pulasitiki chotsala ndipo ndachipaka penti yachikasu. Bokosi la ziwiya ndikulipanga sabata ino ndi chitsulo chopyapyala cha chitini cha zakumwa, ndipo chitseko chake ndikufuna chizitsekuka kuti mapoto awiri ndi mbaula zizioneka mkati.