Mfuti ya mlendo yatsamwa, mawa ine ndili kutsogolo

Lachitatu usiku, kumsasa, m'chigwa cha Luangwa. Anzanga agona kale koma ine tulo takana.

Mlendo wathu wa ku America wabwera kudzasaka nyama ndi mfuti yolowa zipolopolo za mtundu wa .300 WSM. Masana tinapita naye kukaiyesa, monga timachitira ndi aliyense asanalowe m'tchire. Kulasa imalasa, pamenepo palibe wotsutsa. Koma mlenje wamkulu atamuuza kuti adzaze magazini, mokhala zipolopolo muja, n'kuwombera motsatizana mwachangu, chipolopolo chachiwiri chinakakamira. Bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope, inachidutsa pamwamba kumbuyoku n'kuchikanda pamimba, mutu n'kuloza m'mwamba osalowa mumpope. Iye anangoti kwawo sizinachitikepo. Zichitika bwanji poti kwawoko amaika chimodzichimodzi, atakhala pampando, mfuti ili patebulo?

Madzulo ndinawapeza madala amene amatipukutira mfuti, aja anagwirako ntchito yolondera nyama kalekale.

"Madala, mwaiona mfuti ija?"

"Tandipatsa dzanja, mwanawe."

Anandiika zipolopolo ziwiri m'manja. China cha .375 H&H, chachitali, chopita chicheperachepera mpaka kumutu, phewa lake losaoneka n'komwe. Chinacho cha WSM, chachifupi, chonenepa ngati botolo la mankhwala, phewa lopindika mwadzidzidzi. Anandiuza kuti ndipapase kumbuyo ndi chikhadabo. Zoonadi, mkombero umene bolt imakankha ndi waung'ono kusiyana ndi thupi la chipolopolocho. Kusiyanaku n'kwa theka la milimita basi, koma chipolopolo chikangokhala pansi pang'ono m'magazini, bolt ilibe pogwira.

Akuti vuto lina ndi kufupikako. Chikho cha WSM, mokhala onga muja, n'chotalika mamilimita 53, cha .375 n'cha 72. Chachifupi chimayenera kukwera motsetsereka kwambiri pamtunda waung'ono kuti chipeze khomo la mpope, ndipo poti n'chonenepa, milomo ya magazini ikapanda kusulidwa bwino imachigwira mochedwa kapena kuchitaya msanga. Mumalowanso zitatu zokha.

Chimene chinawapweteka mtima madala n'chakuti a kampani ya mfuti ya Winchester potulutsa chipolopolo cha WSM mu 2001 anatengera thupi la .404 Jeffery, yomwe alonda a nyama ankaidalira pa njovu ndi njati chifukwa inkalowa bwinobwino. Anaidula, anaiwongola m'mbali, anailimbitsa phewa kuti muzilowa onga wambiri. Liwiro analipeza. Pamene .375 ya mu 1912 mpaka lero imangolowa yokha ngakhale mfuti itadya fumbi la Okutobala.

Sindikunena kuti WSM iliyonse ndi yoipa. Ndaonapo mfuti zina za Winchester Model 70 zikumeza zipolopolozi popanda chovuta, ndipo wokonza mfuti wodziwa ntchito amatha kusalaza njira yake. Koma kuno wokonza mfuti timupeza kuti? Lusaka ndi kutali.

Chikundisowetsa mtendere n'chakuti mlendoyu akufuna ngoma ndi mbawala, ndipo mbawala imakhala m'zitsamba zowirira za m'mbali mwa mtsinje, momwemonso mumagona njati zokalamba. Wolondola mapazi ndine. M'manja mwanga mumakhala ndodo zoikapo mfuti basi. Mlenje wamkulu amakhala ndi .458 yake, inde, koma nyama yovulala siyembekeza munthu atulutse magazini n'kuyamba kutokosa ndi chala.

Ndinafuna kuwauza bwana, mlenje wamkulu uja, kuti amubwereke mlendoyo .375 ya pamsasa. Anali pamoto ndi mlendoyo, akuseka, ndiye ndinangodutsa. Mwina m'mawa pa tiyi, galimoto isanalize. Kaya mlendoyo avomera kusiya mfuti imene wauluka nayo ulendo wonsewo, kaya.