Wosasintha ndi wosasinthika si amodzi

Sabata ino ndakhala ndikuwerenga za msintho wa aneni, ndipo msintho wochitika, uja wa -ik- ndi -ek-, wanditengera nthawi yaitali kuposa ina yonse. Taonani mawu awiri awa: wosasintha ndi wosasinthika. Munthu wosasintha ndi amene lero ali monga analili dzulo, koma mawa atafuna akhoza kutembenuka. Wosasinthika ndiye uja makolo analangiza, abusa anapempherera, ankhoswe anakambirana naye mpaka kutopa, iye osatekeseka. Kamphatikira kakang'onoko kakunena kuti ngakhale muyesetse bwanji, sizingatheke. N'chimodzimodzi utoto wosafufutika, ngongole yosabwezeka, ndi madzi aja akuluakulu amati akatayika saoleka.

Mawu oti kukhazikika ndimawaona ofewa kuposa momwe timawagwiritsira ntchito. Wopeza ntchito yokhazikika amasangalala kuti wasiyana ndi maganyu, komabe tsiku lopuma pa ntchito limafika, nthawi zina kalata yomuchotsa n'kufika msanga. Chokhazikika changokhala pansi bwino, sichikugwedera. Kuzulidwa chimazulidwa ndithu. Mgonagona nawo ndi wa zinthu zimene zakhalitsa: matenda a mgonagona monga a shuga ndi kuthamanga kwa magazi munthu amakhala nawo zaka zambiri, akumwa mankhwala. Apa nkhani ndi kutalika kwa nthawi basi.

Muyaya ndiye wina. Kutchalitchi timamva za moyo wosatha, za Mulungu wamuyaya, ndipo pemphero limatsekedwa ndi mawu oti ku nthawi za nthawi. Mawuwa saloza tsiku lomaliza. N'chifukwa chake ndimadabwa ndikamawerenga mbiri ya dziko lathu. Mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anapatsidwa udindo wokhala mtsogoleri wa dziko moyo wake wonse, koma m'Chichewa anthu ankati Pulezidenti Wamuyaya. Lamulo linkanena za moyo wa munthu, umene uli ndi malire. Chichewa chinalumpha malirewo n'kumupatsa mawu a kuguwa. Kaya anasankha mawuwo ankafuna kukometsa, kaya ankaopa, ine ndikuona kuti anawonjeza dala.

Umuyayawo sunafike ngakhale pa imfa ya mwiniwake. Pa 14 June 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri pa riferendamu, chaka chomwecho udindo wa moyo wonse uja unachotsedwa m'malamulo, ndipo pa chisankho cha pa 17 May 1994 Bakili Muluzi anapambana. Kamuzu anamwalira mu 1997 ku Johannesburg ali mtsogoleri wakale.

Chimene ndikufuna kukafunsa aphunzitsi Lolemba ndi mawu oti chikhalire. Tikati mwambo wachikhalire tikunena kuti unayamba kalekale, koma tikati wakhala pamenepo chikhalire chilowereni m'mawa, ndiye kuti munthu sanadzuke pampando. Pamayeso akadzati tipereke mawu ofanana tanthauzo ndi muyaya, sindidzalemba chikhalire mpaka atandiyankha.