Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Atsogoleri atsopano ndi mafomu awo

M'gawo lapitali ndinafotokoza mmene ndinayambira ntchito yomasulira pa pulojekiti ya yunivesite ina kuno ku Harare, yojambula mawu a okalamba amene anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito. Mayi amene ankatitsogolera atapuma pa ntchito, m'malo mwawo munalowa bambo ena achinyamata amene anali atangobwera kumene kuchokera kumaphunziro kunja.

Mayiwo sankalankhula Chichewa, koma ankadziwa kudikira. Tikafika pakhomo ku Mbare kapena ku Mufakose, sankalola kuti tiyatse makina tisanamwe tiyi ndi kupepesa maliro amene anagwa m'banjamo. Agogo ankayamba ndi mvula ya kwawo ku Ntcheu, ndipo dzuwa litapendeka m'pamene ankafika pa ulendo wapansi wodutsa ku Tete, pa malole a Ulere onyamula ofuna ntchito kwaulere, ndi pa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito limene linkawatumiza kuminda ya fodya.

Atsogoleri atsopanowo analamula kuti makaseti onse asamutsidwire pa kompyuta, ndipo apa ndinawayamikira, chifukwa ena anali atayamba kuchita nkhungu m'kabati. Vuto linabwera ndi mafomu a chilolezo. Ambiri mwa okalamba athu anataya unzika chifukwa cha lamulo la Zimbabwe la 2001, zitupa zawo zinkawatchula kuti ndi alendo, ndipo ena zipinda zawo zinagwetsedwa mu 2005 pa Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba zimene linkati n'zosaloledwa. Malamulo aakulu a dziko a 2013, amene anakonzako nkhani ya unzikayi, anali asanabwere. Munthu wotere akaona pepala lofuna siginecha amaganiza za boma basi. Agogo ena aamuna a ku Highfield, amene ankatilandira ndi manja awiri, anaitembenuza fomuyo kawiri, n'kundibwezera. "Mdzukulu wanga," anatero, "dzina langa ndinalipereka kale kwa Mthandizi." Tsiku limenelo makina sanayatsidwe.

Nditakawafotokozera abwanawo, anamvetsera mofatsa, ndipo patapita milungu anavomera kuti chilolezo chiziperekedwa pakamwa, agogo eni ake azichinena kumayambiriro kwa kujambula. Pa mndandanda wa mafunso okha sanasunthe, popeza opereka ndalama ankafuna mayankho ofananitsika. Kuyambira pamenepo ndinkafunsa mafunso awowo mwachangu, kenako n'kusiya makina akuyenda pamene tikumwa tiyi, ndipo zambiri zimene ndinamasulira chaka chimenecho zinachokera m'chigawo chachiwirichi.