Zikomo nonse amene munandinyamula m'mapemphero

Abale ndi alongo, ndatuluka m'chipatala ndipo ndayamba kuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo. Sitiroko inandipha mbali ya kumanja moti ngakhale kapu ya madzi inkandipulumuka, koma uthengawu ndikulemba ndekha.

Ndikuthokoza madokotala, komanso anamwino amene ankadzuka pakati pa usiku kudzanditembenuza kuti ndisachite zilonda kumsana. Mng'ono wanga anasiya ntchito zake n'kumandisambitsa ngati mwana, osadandaula. Inu a kwaya ndi amayi a mumpingo, Mulungu akubwezereni.

Ndili chigonere, ena ankanong'onezana kuti matenda otere sabwera chabe, pali tchimo limene Mulungu akulanga. Nditayamba kupeza bwino, ena akuti Mulungu wandichiritsa chifukwa ndine munthu wopemphera. Ndikudziwa kuti achiwiriwa amanena mwachikondi, koma onse akumuyesa Mulungu wolipira munthu monga mwa ntchito zake pompopompo.

N'chifukwa chake ndikuthokoza abusa mwapadera. Tsiku lomwe ndinawafunsa ndikulira ngati Mulungu wandiweruza, anatsegula Luka 13, pamene nsanja ya ku Siloamu inagwa n'kupha anthu 18. Yesu anakana kuti anthuwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, n'kuuza omvera akewo kuti nawonso alape. Abusa sanabise kuti chiweruzo chilipo ndipo tonse tidzaima pamaso pa Khristu, odwala ndi athanzi omwe. Koma anandikumbutsanso Masalimo 103:10, kuti Mulungu satichitira monga mwa machimo athu, ndi Aefeso 2:8-9, kuti chipulumutso ndi mphatso ya chisomo yolandiridwa mwa chikhulupiriro, kuti wina asadzitame. Usiku umenewo ndinagona tulo.

Pabedi loyandikana ndi langa panali mayi wina amene ankayimba nyimbo zotamanda m'mamawa uliwonse, mawu akuchita kunjenjemera. Ankapemphera kuposa ine, ankandipemphereranso ineyo ponditchula dzina. Iwo anatisiya, ine ndatuluka. Ndingayambire pati kunena kuti ndinawaposa chilungamo? Choncho mukamandiyamikira, musanene kuti ndinayenera kuchira. Ingonenani kuti Mulungu wandichitira chifundo.

Ndikupempha kuti muwakumbukire m'mapemphero ana amene mayiwo asiya. Ine ndikupitirizabe mafizo a mkono ndi mwendo, ndipo madokotala akandilola ndidzabwera kutchalitchi kudzakuthokozani pamaso.