Sabata ya kamera yozimitsa

Ntchito yanga ndi ya uphungu, ndimathandiza achinyamata a zaka 13 mpaka 18 amene akuvutika ndi nkhawa komanso dipuleshoni, ndipo ambiri mwa iwo sitinakumanepo maso ndi maso, timaonana pa vidiyo basi. Zinayamba mu 2020 nthawi ya COVID-19 pomwe panalibe kuchitira mwina, koma mpaka lero ana ambiri amakondabe zimenezi kusiyana ndi kukhala pa mzere kuchipatala anthu akuwayang'ana.

Lolemba ndinayamba ndi mtsikana watsopano wa zaka 15. Kamera yozimitsa, maiki yozimitsa, ine ndikungoona dzina lake pa sikirini yakuda. Funso langa loyamba limakhala lomweli kwa aliyense, uli kuti pompano, nanga pali wina akukumva? Anayankha polemba kuti anti ndili kubafa, ndi chitseko chokhacho chokiyika. Ndinamuuza kuti palibe vuto, tiyambire pomwepo. Mphindi 50 zonse iye amalemba ine ndikuyankhula, ndipo timadontho tija tosonyeza kuti munthu akulemba timabwera, nkusowa, nkubweranso, mwina mphindi ziwiri zathunthu kenako nkutulukira mawu awiri okha oti sindikudziwa anti. Kale ndinkafulumira kudzaza bata limenelo ndi mafunso ena, pano ndimadikira, chifukwa mwana amene akulemba nkufufuta ndiye kuti pali chomwe akulimbana nacho kuti anene. Tinadutsa mafunso 7 a GAD-7 oyezera nkhawa, anapeza 16 mwa 21, ndipo kuyambira 15 timati nkhawayo yafika povuta. Mtima kugunda, manja thukuta, kuopa kuti aphunzitsi akamuloza mkalasi aseketsa anthu. Ndinamufotokozeranso poyera kuti zomwe tikukambirana ndi zachinsinsi, koma ndikaona kuti moyo wake uli pachiopsezo ndidzauza makolo ake, ndipo iyeyo ndidzayamba ndamuuza kaye.

Lachiwiri linali la makolo. Mayi wina anandiimbira atatopa ndithu, akuti mwanayu ndi ulesi ndi mwano basi, amangogona, ukamuyankhula akukalipa. Sindinawatsutse mwachangu chifukwa nawonso akuvutika, koma ndinawauza kuti mayi, dipuleshoni mwa achinyamata nthawi zambiri simaoneka ngati kulira, imaoneka ngati kupsa mtima, kugona kwambiri, kusiya zomwe amakonda, ndipo zikapitirira masabata awiri timayamba kuziona ngati matenda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mmodzi mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la maganizo, ndiye mwana wawo sali yekha. Anakhala chete kanthawi, kenako anangoti ndiye ndizitani.

Lachitatu ndi limene sindinagone bwino. Mnyamata wa zaka 16 yemwe takhala naye masabata asanu tikuchita CBT, njira yomwe Aaron Beck anayambitsa cha m'ma 1960 yothandiza munthu kuona momwe maganizo ake, mmene akumvera ndi zochita zake zimakokerana. Amayenda bwino ndithu, tinagwirizana zing'onozing'ono monga kudzuka nthawi imodzi tsiku lililonse ndi kutuluka panja kwa mphindi 10 ngakhale mtima usakufuna. Tsikuli tikudutsa mafunso a PHQ-9 oyezera dipuleshoni, funso la nambala 9 lofunsa ngati munthu amaganiza kuti bola kufa kapena kudzivulaza, masabata onse amayika 0 kutanthauza kuti ayi, pano anayika 2. Ndinamufunsa mosazungulira, iwe, ukuganiza zodzipha? Anthu ambiri amaopa kuti funso limeneli limapatsa mwana maganizowo, si zoona ayi, ambiri amapuma bwino akafunsidwa. Anati eee, nthawi zina usiku. Ndiye pomwepo netiweki inaduka, nkhope yake inauma pa sikirini kenako zii.

Manja anga ananjenjemera, sindibisa. Muofesi mwana ali pamaso pako, umatha kumukhazika mpaka munthu wamkulu afike, pa intaneti uli ndi nambala ya foni basi. Nchifukwa chake sindiyamba ndi mwana aliyense ndisanalembe komwe amakhala ndi nambala ya munthu wamkulu wapafupi. Ndinamuimbira pa foni wamba, anayankha kachiwiri, ali bwinobwino, anali akuyesanso kulowa. Tinamaliza pa foni, tinalembera limodzi pulani yachitetezo, zizindikiro zoti zinthu zikuipa, zomwe angachite yekha, anthu atatu oti awaimbire, komanso kuchotsa mankhwala ndi zina zoopsa pafupi naye. Kenako ndinamuuza kuti tsopano tiwauze mayi ako, ufuna uyambe ndiwe kapena ine? Anati muyambe inu koma ndikhalepo. Anapita nayo foni kwa mayi ake, ndimamva mapazi ake mukolido.

Lachinayi ndinakumana ndi supavaiza wanga, tinadutsa nkhani yonseyo pang'onopang'ono, ndinalemba kalata yoti mnyamatayo akaonedwe ndi dokotala maso ndi maso chifukwa pali zina zomwe vidiyo singakwanitse, ndipo ndilibe manyazi kunena choncho.

Lachisanu mayi ake anatumiza meseji kuti apita naye ndipo dokotala wamuona. Madzulo ndinali ndi mphindi 15 zongofuna kumva kuti mtsikana wa Lolemba uja zikumuyendera bwanji ndi kapumidwe kapang'onopang'ono komwe ndinamuphunzitsa. Kamera inali yozimitsabe, kubafa komwe kuja, madzi akudontha pampopi. Ndikuyembekezera timadontho tija ndinangomva maiki yatseguka, kamawu kotsika kwambiri, anti ndinayesa kawiri, koyamba sizinatheke.