Ku Blantyre kukajambula keke ndi bulauzi ya Mvano

Azakhali anga a ku Chilomoni amaphika makeke aukwati, komanso amasoka yunifolomu ya amayi a Mvano. Malonda awo pafupifupi onse ndi oyera, ndipo makasitomala a masiku ano amayamba aona kaye chithunzi pa WhatsApp asanafike pakhomo. Zithunzi za pafoni yawo zinkatuluka mitundu iwiri: keke yotuwa ngati yagona pafumbi, kapena keke yoyera mbee, maluwa ake onse osaoneka. Atandiimbira kuti, "Iwe, kamera yakoyo ubwere nayo kuno," ndinakwera basi ku Lilongwe mwezi wa July, kuzizira kuli pachimake.

Msewu wake ambiri mumaudziwa. Dedza, kabichi ndi mbatatesi za pa Lizulu, Ntcheu, kutentha kwa ku Zalewa pamene timawoloka Shire, kenako Lunzu. Titayandikira mzinda, phiri la Ndirande linali litabisala theka m'mitambo, chiperoni chikuwaza pang'onopang'ono. Anzanga m'basimo ankadandaula, akufunafuna majuzi. Ine ndinkakondwera, chifukwa kwa munthu wojambula zinthu zoyera, mitambo yotere ndi mphatso. Imamwaza kuwala kwa dzuwa, mthunzi n'kukhala wofewa.

Vuto la azakhali silinali la foni yotchipa. Kamera iliyonse, ngakhale yodula bwanji, ikamayeza kuwala imayesa kuti chimene chili patsogolo pake n'chotuwa pakatikati, chobweza pafupifupi 18 peresenti ya kuwala kumene kwachigwera. Pa mitengo, nyumba ndi anthu mumsewu, kuyesa kumeneku kumayenda bwino. Koma ukailozetsa pa keke yoyera yokhala pa nsalu yoyera, imaona kuti kuwala kwachuluka, n'kuchepetsa mpaka keke ija ituwe. Choncho wojambula ayenera kuitsutsa. Pa kamera pali batani la +/-, la exposure compensation. Ukaika pa +1 ndiye kuti kuwala kolowa kwawirikiza kawiri, pa +2 kwawirikiza kanayi. Zinthu zoyera zambiri zimakhala bwino pakati pa manambala awiriwa. Pafoni, umakhudza chinthucho pasikirini, kenako n'kukweza kachizindikiro ka dzuwa kamene kamaoneka pambali.

M'mawa mwake ndisanayambe ntchito ndinapita ku tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, kufupi ndi sukulu ya HHI. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogoleredwa ndi David Clement Scott, amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo njerwa zake zinaumbidwa ndi kuotchedwa komweko ndi anthu a kuno. Aliyense amajambula njerwazo, n'zoonadi n'zokongola, zoumbidwa mosiyanasiyana. Ine maso anga anali pa madenga oyera ozungulira a pamwamba paja. Pamene mitambo inali itaphimba, denga loyera ndi thambo loyera zinkangolowana, malire osaoneka. Dzuwa litasuzumira pang'ono cha kum'mawa, mbali imodzi inawala, inayo n'kugwa mumthunzi, pomwepo denga linaoneka kuzungulira kwake. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu, chifukwa zimene ndinkaona ndi zomwe ndinadzera ku Blantyre: chinthu choyera chimaoneka maonekedwe ake chifukwa cha mthunzi. Kuwala kokhakokha kumachifafaniza.

Kumeneko ndinayesanso malire a kamera yanga. Ndimayatsa chenjezo loti mbali imene yawala mopitirira iziphethira pasikirini, ndipo ndimayang'ana histogram, kachithunzi kokhala ndi mdima kumanzere, kuwala kumanja. Pa chinthu choyera mulu wake uyenera kutsamira kumanja, koma usagunde khoma. M'chithunzi cha pakompyuta kuyera kotheratu ndi nambala 255. Mbali imene yafika pamenepo yapsa, mulibenso ulusi kapena mzere woti ungabwezeretse. Ine ndimafuna kuyera kwa chinthucho kukhale cha m'ma 235 mpaka 245. Nzeru imeneyi si yatsopano. Cha m'ma 1940, akatswiri ojambula zithunzi Ansel Adams ndi Fred Archer ku America anagawa kuwala m'magawo, kutuwa kwa pakati n'kukhala gawo la 5, kuyera koonekabe ulusi wake n'kukhala gawo la 8. Iwo ankagwiritsa ntchito filimu, imene imapirira kuwala kochuluka. Makamera a masiku ano sachedwa kupsereza, n'chifukwa chake sindidutsa +2 ndisanayang'ane histogram.

Kuchoka apo ndinakwera minibasi ya ku Limbe kukagula zipangizo. Si zodula ayi: makatoni, mapepala aakulu oyera ndi akuda a ana asukulu, selotepi, ndi nsalu yopyapyala yoyera ya katani. Mumsika wa Limbe ndinachedwa pa mzere wa amayi ogulitsa ufa ndi mpunga. Amene amati kuyera n'kumodzi akaime pamenepo. Ufa woyera uli ndi kuyera kozizira, mgaiwa ukupendekera ku chikasu, mpunga wa Kilombero ukuoneka ngati kuwala kukulowa m'kati mwa njere, mchere ukunyezimira. Mayi wina atandiona ndikusuzumira m'beseni mwake ndi kamera anati, "Achimwene, mukujambula kapena mukugula?" Ndinagula ufa ndi mazira, iwo n'kundilola kujambula. Pansi pa malata pamene anakhala, kuwala kunkalowera mbali imodzi yokha, ndipo mizere ya zala zawo pa mulu wa ufa inkaoneka uliwonse.

Kunyumba ndinasankha zenera la pabalaza limene dzuwa silimenya mwachindunji, n'kukokera tebulo pafupi. Choyamba ndinazimitsa babu.

"Mwana iwe, ukuzimitsa magetsi pofuna kujambula?" anatero azakhali.

"Eya azakhali, babuyu ndi amene amakuipitsirani keke."

Mtundu wa kuwala umayezedwa mu K (Kelvin): kuwala kwa masana kumakhala cha pa 5500 K, pamene mababu achikasu aja amakhala cha pa 2700 K mpaka 3000 K. Ukasakaniza ziwirizi, mbali imodzi ya keke imatuluka yachikasu, inayo yabuluu, ndipo palibe white balance, njira ya kamera yokonzera mtundu kuti choyera chituluke choyera, imene ingakonze zonse nthawi imodzi. Pa chitenje chamaluwa sungazindikire. Pa chinthu choyera aliyense amaona. Ngakhale khoma la azakhali, lopakidwa penti yobiriwira, linkabwezera kubiriwira kwake pa shuga wa keke, mpaka ndinaliphimba ndi pepala loyera.

Keke ndinaiika moti kuwala kwa pazenera kuzibwera cha m'mbali, chakumbuyo pang'ono. Kamera pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, kujambula mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, kuti pakhale mpata wokonza. Mbali yosiyana ndi zenera ndinaimikako katoni yomata pepala loyera kuti ibwezere kuwala mumthunzi. Apa mpamene pamafunika mtima wodekha. Ukayandikiza katoniyo kwambiri, mthunzi wonse umatha, keke n'kuoneka yaphwatalala. Ukaitalikitsa, mbali imodzi imada. Ndinkaisuntha pang'onopang'ono mpaka maluwa a shuga aja aliyense atakhala ndi kamthunzi kake pansi.

Chimene chinadabwitsa azakhali ndi pepala lakuda. Iwo ankafuna kumbuyo kwa keke kukhalenso koyera, monga zithunzi za m'magazini. Choyera pa choyera, m'mphepete mwa keke mumasowa. Ndinaimika mapepala akuda mbali zonse ziwiri, kunja kwa chithunzi koma pafupi ndi keke. Chinthu choyera chimatengera zimene zili pafupi nacho, ndiye m'mphepetemo munabwera kamzere kotuwa, keke n'kusiyana ndi kumbuyo kwake. Nsalu ya kumbuyoyo ndinaitalikitsa ndi tebulo, kufupi ndi zenera, kuti iwale kuposa keke pang'ono. Azakhali atayang'ana pasikirini anangoti, "Iii, ndi yomwe ija?"

Bulauzi ya Mvano ndi duku lake zinandivuta kuposa keke. Nsalu zambiri zoyera, ndiponso sopo waufa wochapira, zimakhala ndi mankhwala amene amamwa kuwala kosaoneka ndi maso kwa dzuwa n'kubweza kuwala kwabuluu. Ena amawonjezanso buluu potsukuluza. Ndi maso nsaluyo imaoneka yoyera kwambiri, koma kamera imaona buluuyo. Choncho white balance sindinaiyeze pa nsaluyo, ndinaiyeza pa khadi lotuwa limene ndimayenda nalo, kenako n'kupendeketsa mtundu ku chikasu pang'ono pakompyuta. Kuti misoko ndi kolala zioneke, ndinagoneka bulauziyo patebulo, kuwala kukudutsa motsetsereka pamwamba pake. Kuwala kotereku sikubisa kanthu. Khwinya lililonse linaonekera, ndipo azakhali anaisita kachiwiri akung'ung'udza.

Chomaliza ndinawapempha kuti agwire mpeni pa keke, manja awo alowe m'chithunzi. Apa pali nkhani imene imandikhudza. Khungu lathu ndi lakuda, keke ndi diresi laukwati n'zoyera, ndipo kusiyana kwa ziwirizi n'kwakukulu kwa kamera. M'maukwati ambiri ndimaona ojambula akuthana nazo pomenya flash kumaso, diresi n'kupsa, nkhope ya mkwatibwi n'kutuwa, kenako n'kumuyeretsa khungu pakompyuta ngati akumuchitira chifundo. Sizondisangalatsa m'pang'ono pomwe. Njira yake ndi kuyeza kuwala pa choyeracho kuti chisapse, kenako n'kuwonjezera kuwala pa khungu lokha. Ndinatenga kakatoni kakang'ono, n'kumatapo pepala lasiliva la m'khitchini nditalikwinya kaye kuti lisathwanime kwambiri, n'kulozetsa pa manja awo. Manjawo anatuluka mtundu wawo weniweni, shuga wa keke ali bwinobwino.

Madzulo tinatumiza zithunzizo ku foni yawo. WhatsApp imapanikiza zithunzi, ndipo mbali zowala kwambiri zimatha kutaya ulusi wake, choncho ndinakonza zina zochepetsako kuwala pang'ono zoti azitumizira makasitomala. Makatoni ndi mapepala akuda aja ndinawasiya komweko, ndipo pansi ndinalembapo ndi choko poima miyendo ya tebulo, kuti mdzukulu wawo azitha kujambula makeke otsatira ndi foni yomwe ija.