Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Miyezi imene ine ndi agogo tinalamulira Maravi

Gawo lathali ndinalekezera pomwe ntchito yanga ya pashopu yosindikiza mapepala inathera. Sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha korona, ndipo ife makasitomala athu anali ana asukulu ndi aphunzitsi basi, ndiye pofika kumapeto kwa Epulo abwana anangondiitana nkundiuza kuti tidzaonana zinthu zikadzakhala bwino. Ndinabwerera kwa amayi ku Area 25 ndi kachikwama kamodzi komanso laputopu yakale ija ndinagula kwa msuweni wanga wa ku Joni, ya batire lakufa, yoti magetsi akangophethira nayonso yazima.

Mu laputopumo msuweniyo anasiyamo gemu inayake, Europa Universalis IV. Ndinali ndisanaitsegulepo poti ine gemu yomwe ndinkaidziwa ndi ya mpira. Koma munthu ukakhala pakhomo kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kulowa, wopanda kopita, wopanda ndi ya bandulo yomwe, umatsegula chilichonse. Gemuyi anaipanga a Paradox a ku Stockholm ku Sweden, inatuluka mu 2013, ndipo mulibe zothamangathamanga, ndi mapu a dziko lonse lapansi basi, iwe umasankha ufumu umodzi nkumauyendetsa kuyambira pa 11 Novembala 1444 mpaka chaka cha 1821, masiku akuyenda pakona yakumwamba, iwe ukutolera msonkho, kutumiza akazembe, kulemba asilikali, kukongola ndalama zikakuthera. Ambiri amayamba ndi Castile kapena France kapena ma Ottoman chifukwa ndi amphamvu kale. Ine ndinangokoka mapuwo kutsikira kumunsi kuti ndione ngati kwathu kuno anakusiya kopanda kanthu.

Ndinaona nyanja yathu, yaitali bwinobwino mmene ilili, ndipo pambali pake panalembedwa kuti Maravi. Kumunsi kwake Lundu, kumpoto Tumbuka, kummawa Makua, kutsidya kwa Zambezi Mutapa ndi golide wake, kugombe uko Kilwa. Abale thupi langa linachita tsembwe. Mayina amenewa ndinawasiya mu kope la Fomu 2 ndipo sindinaganizepo kuti ndingadzawaone pa chinthu chomwe anthu akusewera mpaka ku Ulaya.

Nthawi imeneyo pakhomo panalinso agogo aamuna, obereka amayi, a ku Mtakataka. Anabwera mu Febuluwale kudzachotsa ng'ala m'diso ndipo matenda atavuta amayi anakaniza zoti akwere minibasi yodzaza kubwerera kumudzi. Kunena zoona ine ndi agogowo sitinkacheza kwenikweni, moni wam'mawa, mwaswera bwanji, basi. Iwo ankakhala pakhonde ndi kawailesi kawo, ine pabalaza ndi manyazi anga a ulova.

Tsiku lina masana analowa kudzamwa madzi nkuima kumbuyo kwanga.

"Kodi iwe tsiku lonse umayang'ana chiyani pa kagalasi kakoka?"

"Ndikulamulira dziko agogo. Panopa ndine Kalonga."

Anaika kapu pansi. "Kalonga wake uti?"

Ndinawasunthira mpando, anakhala, nkuyandikitsa nkhope pafupi ndi sikirini, diso lochitidwa opaleshoni lija likuwala, kenako anaika chala chawo chokhakhala ndi khasu chakummwera kwa nyanja, mbali yakuzambwe, mpaka chinasiya chidindo pagalasi. "Apa ndi kwathu. Mankhamba, likulu la Kalonga, ili apa. Ngati ndiwe Kalonga ndiye kuti ukukhala pakhomo panga." Chidindo chimenecho sindinachipukute kwa masiku ambiri.

Kuyambira tsiku limenelo tinkasewera awiri. Ine dzanja pa mawusi, iwo pambali ndi ndodo yawo pakati pa miyendo, ine kumamasulira zomwe zalembedwa. Ndinawafotokozera kuti mfumu iliyonse mu gemumu imakhala ndi luso la mitundu itatu, loyendetsa boma, loyankhulana ndi mafumu ena, ndi la nkhondo, lililonse kuyambira 0 mpaka 6, ndipo mwezi ukatha umalandira mapointi malingana ndi lusolo, omwe umagulira nzeru zatsopano. Izi anazimva msanga, anati mafumu amasiyanadi choncho, wina amatha milandu wina amangotha mowa. Ndinawaonetsanso mmene mbali zonse zomwe anthu ako sanafikeko zimakhalira zoyera ngati nkhungu, Ulaya yense osaoneka.

Pomwe tinasemphana ndi gemu ndi pa nkhani ya wolowa ufumu. Uthenga unabwera woti mfumu yabereka mwana ndipo ndi amene adzalowe, ine nkusangalala poti mwanayo luso lake linali labwino. Agogo anapukusa mutu. "Mwana wa Kalonga angalowe bwanji ukalonga? Ameneyo ndi wa kwa amake. Ufumu umalowa mwana wa mlongo wako, wotuluka mwa Nyangu. Amene anapanga zimenezi sanafunse." Kalonga wathuyo atamwalira mwanayo asanakwane zaka 15, gemu inaika nduna zogwirizira mpando ndipo sinkatilola kuyamba nkhondo mpaka akule, agogo anangoti mukuona, mukanatsata mbumba bwenzi pali munthu wamkulu kale woti nkukhalapo.

Ine mpaka lero ndimaona kuti apa anthu a Paradox anaperewera. Za ku Ulaya anazifukula mpaka pansi, akalonga asanu ndi awiri osankha mfumu yaikulu ya Holy Roman Empire alimo, za Papa ndi makadinala ake zilimo, maukwati a mafumu alimo, koma Kalonga anangomutenga ngati mfumu ya kwawo yovala dzina lathu. Mulibe mphamvu ya Nyangu, mulibe zoti Mwali mkazi wa Kalonga ankachokera kwa a Banda pomwe ufumu uli wa a Phiri. Komabe sindingawanyoze kotheratu chifukwa anatiika pa mapu, ndipo mapu amenewo ndi omwe anatsegula pakamwa pa agogo anga.

Magetsi akazima, ndipo ankazima ndithu, laputopu inkathima nthawi yomweyo, nthawi zina zaka khumi zamasewero kupita osasunga. Poyamba ndinkapsa mtima koma kenako ndinayamba kuidikira nthawi imeneyo, chifukwa tinkatuluka kukakhala pakhonde iwo nkupitiriza pomwe gemu yalekezera. Za Kaphirintiwa ndi mapazi pa thanthwe. Za Makewana wa ku Msinja amene ankapempha mvula, yemwe tsitsi lake silinkametedwa. Za Undi kuchoka atakwiya kupita ku Mano atatenga mbumba, ndi chifukwa chake lero Kulamba timakachitira ku Mkaika ku Katete, komwe iwo anapitako kamodzi pa lole. Amayi ankabwera ndi mbatata yootcha nkukhala pa mkeka, ena mwa mawuwo nawonso ankawamva koyamba.

Nkhani ya Lundu ndi yomwe inandikhudza kwambiri. Mu gemu njira yachidule yokulira ndi kumeza anzako oyandikana nawo, ndipo Lundu anali pafupi, asilikali ake ochepa kuposa anga. Nditangoloza mawusi kumeneko agogo anandigwira dzanja. "Ameneyo ndi m'bale wako, ndi Phiri mnzako. Mtumizire mphatso." Ndinawauza kuti tikapanda kukula Apwitikizi akabwera atipeza ofooka, iwo anati bola akupezeni ofooka muli awiri. Ndinamvera, tinapanga naye ubale, ndipo zaka za m'ma 1500 zombo za Portugal zitayamba kuoneka kugombe, mbendera zawo zikumera cha ku Sofala uko, nkhondo itabuka asilikali awo anali ndi zida zomwe ife tinali tisanazifikire ndipo gulu langa lalikulu linasungunuka pa kumenyana kumodzi kokha, ine manja ali njenjenje, amene anabwera kudzatchinga kuti likulu lisagwe anali asilikali a Lundu. Tinaluza zigawo ziwiri koma ufumu unatsala. Agogo sananene kanthu, anangogogoda ndodo pansi kawiri.

Nditapeza kabandulo ndinayamba kuwerenga zomwe zinachitikadi. Ndinapeza kuti mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda wapansi kuchoka ku Tete mpaka ku Kilwa nkudutsa kwa mfumu yamphamvu ya Amaravi yotchedwa Muzura, ndipo Muzura yemweyo mu 1622 anagonjetsa Lundu mothandizidwa ndi Apwitikizi. Nditawawerengera agogo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ndiye kuti ife tachita bwino kuposa iyeyo. Ndinawauzanso kuti Dr Yusuf Juwayeyi, katswiri wofukula zinthu zakale, anakumba pa Mankhamba nkupeza mikanda yagalasi, zidutswa za minyanga ya njovu ndi mbale zadothi zochokera ku China. Apa ndiye anaseka mpaka kutsokomola, anati mikanda imeneyo ali ana ankaitola m'minda mvula ikagwa, osadziwa kuti inawoloka nyanja.

Kumayambiriro kwa Seputembala zinthu zitayamba kumasuka agogo anati akufuna akaone munda wawo mvula isanagwe. Masewero athu anali atafika chaka cha 1587. Usiku womaliza sitinasewere, anangondipempha kuti nditsegule mapu aone, ndipo anayang'ana nthawi yaitali. M'mawa ndinawanyamulira thumba mpaka kudepoti, ndinawapezera mpando wa pawindo mu minibasi ya ku Salima kuti akasinthire kumeneko, ndipo kondakitala akumenya chitseko kuti tiyeni iwo anatsegula windo nkundiitana.

"Ukapeza ya thiransipoti ubwere, ndikakuonetse pa Mankhamba penipeni. Ndipo Lundu uja usamugwire ine kulibe."

"Sindimugwira agogo."

Ndalama ya ulendowo ndinaipeza mu Novembala, nditagwira ganyu yolemba ma CV a anthu pa laputopu yomweyo.